Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo ndi a Nduna ya Nsomba ndi Ziweto: Nyama Ikadwalitsa Munthu, Woyankha Ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani nonse awiri kalata imodzi mwadala. Ndikanalembera a ku Ndeke House okha, yankho likanakhala lakuti za ziweto zili m'manja mwa a ku Mulungushi House. Ndikanalembera a ku Mulungushi House, akanandiuza kuti ng'ombe ikaphedwa n'kusendedwa yasanduka chakudya, ndipo za chakudya n'za azaumoyo ndi khonsolo. Ndiye ndati mukhale pa mphasa imodzi mumvere limodzi. Pempho langa ndi lakuti mupite ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill ndi bilu yoika ntchito yonse yoyeza nyama, kuyambira kukhola mpaka pa sikelo ya m'butchala, pansi pa bungwe limodzi, lokhala ndi mkulu mmodzi amene tingamuloze chala zinthu zikalakwika.

Ine ndimakhala ku Woodlands. Kuno timadzinamiza kuti nyama yoipa ndi vuto la kwina, la ku Kanyama kapena ku Misisi, poti ife timagula m'masitolo a magalasi momwe ogulitsa amavala zipewa zoyera. Koma taonani njira zimene nyama imalowera m'nyumba zathu. Kumapeto kwa mwezi timagula ndithu m'masitolo akuluakuluwo. Pakati pa mwezi, thumba likapepuka, mwana amatumidwa ku msika wa Chilenje kapena wa Bauleni kukagula zam'kati ndi vimbombo. Madzulo abambo amaima pa mbaula ya michopo kunja kwa bala. Pakagwa maliro kapena pakakhala matebeto, wina amathamangira ku Chibolya, mbuzi n'kubwera ili yomangidwa miyendo kumbuyo kwa galimoto, n'kuphedwera kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi. Nkhuku zosendasenda timaitanitsa pa WhatsApp kwa mnansi amene amaweta pakhomo. Pa njira zonsezi, zingati zimene woyeza wa boma amaikapo diso?

Ngakhale njira ya magalasiyo inatiphunzitsa kale kanthu. Mu 2013 dziko lonse linadzidzimuka litamva kuti mu nyama ina yochokera kunja, imene kampani ya Zambeef inkagulitsa, munapezeka formaldehyde, mankhwala amene amasungira mitembo kuti isaole. Dr Joseph Kasonde, amene anali nduna ya zaumoyo nthawi imeneyo, ndiwo anatsimikizira mtundu za nkhaniyi, ndipo kuti chitsimikizo chipezeke panafunika kutumiza zidutswa za nyamayo ku South Africa. Kampaniyo inachotsa nyama yakunjayo m'masitolo ake n'kuiwononga. Sindikukumbutsa izi pofuna kudzutsa chilonda cha kampani imodzi. Chimene chimandivutitsa n'chakuti nyama imeneyo inadutsa pachipata cha dziko, inalowa m'nyumba zozizira, inafika m'mashelefu, ndipo pa malo onsewa panali ofesi ya boma yokhala ndi mphamvu yoiimitsa.

Malamulo tili nawo, ochuluka kumene. Public Health Act ndi lamulo la 1930, la nthawi ya atsamunda, Lusaka asanakhale n'komwe likulu la dziko, ndipo pansi pake ndi pomwe pali malamulo ang'onoang'ono a nyama, malo ophera ziweto ndi mabutchala. Animal Health Act ya 2010 inapereka mphamvu kwa madokotala a ziweto pa matenda ndi kayendedwe ka ziweto. Food Safety Act ya 2019 inalowa m'malo mwa Food and Drugs Act ya 1972, n'kukhazikitsa komiti yogwirizanitsa ntchito za chitetezo cha chakudya pamodzi ndi labotale ya dziko lonse. Pambali pa amenewa pali a Zambia Compulsory Standards Agency, pali a CCPC oteteza ogula, pali oyang'anira nyama zakutchire, ndiponso khonsolo ya ku Civic Centre, imene ili pansi pa unduna wina umene suli wa inu nonse awiri. Lamulo la 2019 ndimaliyamikira, linali sitepe yabwino. Koma komiti ntchito yake ndi kukumana ndi kulemba zokambirana. Mwana akagonekedwa pa chipatala cha Chilenje atadya soseji yowonongeka, mayi ake sangapite kukagogoda pa chitseko cha komiti.

Wina adzati mutu umodzi susenza denga. Zoona, ndipo sindikunena kuti dokotala wa ziweto achotsedwe kapena kuti woyendera zaumoyo wa khonsolo akhale pansi. Onsewa akufunika. Koma ngakhale posenza denga pamakhala mmodzi woitanira kuti onse anyamule nthawi imodzi, ndipo dengalo likapendekeka anthu amadziwa womufunsa.

Tiyeni tiitsate ng'ombe imodzi yochokera ku Namwala. Kuti ichoke kumeneko pafunika chilolezo cha a zaziweto, ndipo apolisi amaona mapepala ake pamsewu kuti isakhale yakuba. Ikafika pamalo ophera ovomerezeka iyenera kuonedwa ikadali yamoyo: ikuyenda bwino, ikupuma bwino, yatupa pena? Ikaphedwa, woyeza amacheka m'masaya, lilime ndi mtima, amayang'ana mapapo ndi chiwindi, amatumbula timwanabere kufunafuna chifuwa chachikulu ndi nyongolotsi. Akakhutira amadinda chidindo. Ntchito imeneyi ndi yaluso, ndipo alipo anthu athu amene amaigwira mokhulupirika, mbandakucha, atavala majombo m'magazi. Koma kuchokera pamenepo nyama ija imakwera galimoto, nthawi zina yozizira, nthawi zina ya bokosi lotseguka yofundidwa tenti, n'kulowa m'dera la ofesi ina. Pofika pa mbedza ya m'butchala yadulidwa kale, chidindo chapita ndi mafuta osengedwa, ndipo mwendo woyezedwa ukhoza kupachikidwa limodzi ndi mwendo wa ng'ombe imene inafa yokha usiku kumunda. Wogula alibe poonera. Woyendera wa khonsolo akabwera amaona laisensi pakhoma, makalata a chipatala a ogwira ntchito, ukhondo wa pansi. Nyama imene ili pa mbedzayo kuti aitsate mpaka kukhola kwake, alibe chingwe chogwira.

Chingwecho chayamba kulukidwa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza Animal Identification and Traceability Act, lamulo loti chiweto chizidziwika mwini wake ndi kumene chachokera. Ndikudziwa kuti chikoka chachikulu cha lamuloli ndi misika yakunja, pakuti boma likufuna kuti Zambia izigulitsa nyama ya ng'ombe kumaiko ena monga amachitira a Botswana, amene anasunga msika wawo wa ku Ulaya chifukwa chotha kusonyeza mbiri ya ng'ombe iliyonse. Zimenezo n'zabwino. Mantha anga ndi akuti tingamange njira ziwiri: yowala, ya makompyuta ndi madokotala, ya nyama yopita kunja, ndi ina yamdima ya nyama yodya ife eni dziko. Bilu imene ndikupemphayi inene poyera kuti nambala imene ili pa khutu la ng'ombe izitsata nyama yake mpaka m'butchala ya pa Chilenje, ndipo wogulitsa aliyense azitha kuonetsa pepala la nyama imene ali nayo tsiku limenelo.

Chaka cha 2023 chinatisonyeza mtengo wa kusowa chingwechi. Matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe, ndipo pofika pa 20 November bungwe la World Health Organization linali litawerenga anthu 684 oganiziridwa kuti adwala, anayi atamwalira, m'maboma 44 mwa 116, m'zigawo zisanu ndi zinayi mwa khumi. Muno mu Lusaka ambiri tinangosiya kugula nyama ya ng'ombe. Wa butchala woona mtima, amene nyama yake inali yoyezedwa bwinobwino, anavutika chimodzimodzi ndi wakuba, chifukwa panalibe njira yoti wogula asiyanitse awiriwa. Taonani a Nduna ya Ziweto, kuyeza kosaoneka ndi maso kumapweteka alimi anu omwe.

Nkhani ya anthrax ili ndi mbali ina imene olemba malamulo amakonda kuilumpha. Chiweto chofa ndi matendawa sichiyenera kutumbulidwa n'komwe, chifukwa tizilombo take tikakhudzana ndi mpweya timadzikuta n'kukhala m'dothi zaka makumi. Chiyenera kuwotchedwa kapena kukwiriridwa mozama. Koma kwa mlimi wa ku Gwembe ng'ombe ndi fizi ya ana, ndi malowolo, ndi khasu lake lolimira. Ikafa m'mawa, masana wogula wafika kale ndi ndalama m'manja, pamene wa zaziweto ali kutali ndipo njinga yake yamoto ilibe mafuta. Mu 2011 ku Chama, mvuu zitafa mu mtsinje wa Luangwa, anthu oposa 500 anadwala atagwira kapena kudya nyama yake. Ofufuza atabwerera kukafunsa, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ananena kuti mvuu ina ikafa adzadyanso, chifukwa cha njala ndi kusowa ndiwo. Anthu amenewa sanali mbuli, ankadziwa bwino chimene chinawadwalitsa. Lamulo longoopseza ndi ndende silingawasinthe. Chimene chingasinthe zinthu ndi katemera wofika chaka ndi chaka mvula isanagwe, ndi chipukuta misozi chofika m'masiku owerengeka kwa mlimi amene wanena yekha kuti chiweto chake chafa modabwitsa. Kunena zoona kukhale kopindulitsa kuposa kugulitsa mobisa, apo ayi nyamayo idzapitiriza kukwera mabasi a usiku kubwera ku msika wa Soweto.

Za nkhumba ndiye zimandidetsa nkhawa koposa, chifukwa vuto lake silichita phokoso. Akum'mawa amadziwa timatuza toyera tija topezeka mu mnofu wa nkhumba, timene amati masese. Ogula nkhumba m'midzi amazigwetsa pansi, kuzikanula kukamwa ndi mtengo n'kukoka lilime kuti aone ngati tilipo. Akatipeza sasiya nkhumbayo ayi, amangotsitsa mtengo, ndipo nkhumba yotchipayo imapita kumene kulibe woyeza. Akatswiri a sukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia atafufuza pamalo ophera nkhumba a ku Chibolya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza timatuzati mu nkhumba imodzi mwa zisanu zilizonse. Kafukufuku wotsatira, wa pa nkhumba za muno momwemo, anasonyeza kuti kuyeza kwa masiku onse, kwa mpeni ndi maso, kumaphonya nkhumba zodwala zambiri kuposa zimene kumagwira. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, m'mimba mwake mumakula nyongolotsi yaitali. Mazira a nyongolotsiyo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu wina kudzera m'manja osasamba kapena ndiwo zamasamba, timatuza tija timakamera mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Ndiye kuti ngakhale wa Seventh Day kapena Msilamu wa ku Kabulonga, amene sanalawepo nkhumba chibadwire, akhoza kudwala kudzera mwa womuphikira. Apa ndi pomwe pakuonekera kuti kugawa ntchitoyi pakati pa maunduna n'kopanda nzeru: nkhumba ndi ya a Nduna ya Ziweto, chimbudzi ndi cha khonsolo, wakhunyu ndi wa a Nduna ya Zaumoyo, koma nyongolotsi ndi imodzi.

Kenaka pali nkhani ya magetsi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinkakhala pafupifupi tsiku lathunthu opanda magetsi. Tsiku lina ndinalowa m'butchala ina kuno kwathu, yooneka bwino ndithu, ya matailosi oyera. Pansi pa firiji panali katoni yoyalidwa kuti imwe madzi ofiirira amene ankadontha. Nkhuku za m'katimo zinali zitamatirirana kukhala chibuma chimodzi, madzi oundana a m'mapaketi ali apinki, chizindikiro chakuti zinasungunuka n'kuumanso, mwina kangapo. Mnyamata wogulitsa anandiuza mosabisa kuti jenereta amayatsa bwana akabwera. Laisensi inali pakhoma, mu felemu, yosatha ntchito. Lamulo latsopano lifune kuti firiji iliyonse yogulitsiramo nyama ikhale ndi choyezera kuzizira choonekera kwa wogula, ndi buku lolembamo m'mawa ndi madzulo. N'zotchipa kuposa felemu ija.

Ndipo kuzizira pakokha sikokwanira. Mu March 2018 dziko la South Africa linalengeza kuti matenda a listeriosis, amene anadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, anachokera ku poloni ya fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Kachilombo kameneka kamaswana ngakhale m'firiji, ndipo kamakantha kwambiri amayi apakati ndi makanda. Zambia inaletsa mwamsanga katunduyo kulowa, ndipo munachita bwino. Koma tinadziwa chifukwa anzathuwo anali ndi malabotale otha kulumikiza wodwala wa m'chipatala ndi makina a m'fakitale. Poloni ndi masoseji zopangidwa muno zimene ana athu amatenga kusukulu, ndani amazitenga m'sitolo mwakabisira mwezi ndi mwezi kukaziyeza, ndipo zotsatira zake zimalembedwa pati? Mu August 2024 a Elijah Muchima, ali nduna ya zaumoyo, anauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 afa ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, ndipo pa zitsanzo 25 zotengedwa ku zigayo, pafupifupi theka zinali ndi poizoniyu wopyola muyeso. Kunena poyera kumeneko kunali kolimba mtima. Komabe n'zochititsa manyazi kuti oyamba kutichenjeza za ufa wa nsima yathu anali agalu. Labotale ya dziko ipatsidwe ndalama zake zolembedwa m'lamulo, ndi udindo woyeza nthawi zonse osadikira maliro.

Kakhalidwe kathu pa nkhani ya kukhwimitsa malamulo mukukadziwa. Kolera ikabuka timadzuka tonse. Kumapeto kwa 2017 asilikali anatsika m'misewu ya Lusaka, ogulitsa anathamangitsidwa, misika inatsekedwa n'kutsukidwa. Mu January 2024 bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mliriwo unatenga anthu oposa 700. Nthawi zoterezi timaona pa TV nyama yolandidwa ikuthiridwa mafuta n'kuwotchedwa. Mvula ikatha, zonse zimabwerera mwakale. Amene amalandidwa mbaula ndi mayi wa pamsewu, amene mpamba wake wonse ndi mbale imodzi ya nyama. Mayi ameneyu sanasankhe kuphera mbuzi pa thumba la saka chifukwa chokonda uve. Malo ophera ovomerezeka ali kutali, ndipo mtengo wonyamulira mbuzi ziwiri kupita ndi kubwera umadya phindu lake lonse. Ngati bilu yanu idzangokweza zindapusa osamanga timalo tophera tating'ono, ta simenti, madzi ndi woyeza wokhazikika, pafupi ndi misika ikuluikulu, ndiye kuti mudzangothamangitsira nyamayo kuseri kwa mipanda kumene sitidzaionanso.

Woyezayo nayenso lamulo limuteteze. Munthu amene amafika kuntchito pa galimoto ya mwini malo ophera, n'kudya nkhomaliro ya mwini yemweyo, n'kovuta kuti madzulo anene kuti ng'ombe ya ndalama zikwizikwi itayidwe. Ndalama zimene amalonda amalipira poyezetsa nyama zisamalowe m'thumba lalikulu la khonsolo momwe zimakalimbirana ndi malipiro ndi zinyalala. Zizibwerera ku ntchito yoyezayo: mafuta, mipeni, zoyezera, maphunziro. Ndipo chigamulo cha woyeza chisamafafanizidwe ndi lamya yochokera kwa munthu wamkulu. Wosakhutira akadandaule mwa kalata kwa dokotala wamkulu, zolembedwa zikhalepo.

Maiko ena anafika pamenepa atapsa kale. America inakhazikitsa lamulo lake loyeza nyama mu 1906, anthu atanyansidwa ndi zimene Upton Sinclair analemba za malo ophera ziweto a ku Chicago. Phunziro lotiyandikira kwambiri ndi la Britain. Matenda a misala ya ng'ombe atavuta, anthu kumeneko anazindikira kuti unduna umodzi sungakhale wolimbikitsa malonda a alimi komanso woteteza odya, chifukwa tsiku lina zofuna ziwirizi zimagundana. Mu 2000 anakhazikitsa Food Standards Agency, bungwe loima palokha. A Nduna ya Ziweto, musandimve molakwa, sindikukayikira mtima wanu. Koma inu mumayamikiridwa ziweto zikachuluka ndi malonda akakwera, ndipo si bwino kuti dzanja lomwelo likhale loimitsa malonda. Bungwe limene ndikupemphali litenge madokotala a ziweto ndi oyendera zaumoyo n'kuwaika pansi pa denga limodzi, koma lizipereka lipoti lake ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, mkulu wake azifunsidwa ndi aphungu pamaso pa anthu.

Chinthu china chimene ndingakonde titabwereka n'chophweka kwambiri. Ku Denmark kuyambira 2001, ndi ku Wales kumene linakhala lamulo mu 2013, zotsatira za kuyendera malo ogulitsa chakudya zimamatidwa pakhomo kuti wolowa aliyense azione. Taganizani butchala iliyonse ya mu Woodlands, Kabwata ndi Chelstone ili ndi chikwangwani chonena tsiku limene woyendera anabwera komaliza ndi zimene anapeza. Wogula akaona kuti papita chaka chathunthu, adzadziwa kuti wogona ndi khonsolo. Akaona kuti malowo analephera, adzapita pa khomo lina, ndipo mwini butchala adzakonza firiji yake msanga kuposa mmene chindapusa chilichonse chikanamukakamizira.

Bilu imatenga nthawi, ndikudziwa: kulemba, kufunsa anthu, nduna zonse kuvomereza, makomiti a aphungu. Koma pali chimene mungachite mwezi uno popanda lamulo latsopano. Lamulani maofesi anu, pamodzi ndi khonsolo ya Lusaka, kuti asindikize m'nyuzipepala ndi pa intaneti mndandanda wa malo onse ophera ziweto ovomerezeka amene amadyetsa mzinda uno, chiwerengero cha oyeza amene ali pa malo alionse, ziweto zimene zinayezedwa mwezi watha, zimene zinakanidwa, ndi chifukwa chake. Muikepo ndi nambala imodzi ya lamya, yoyankhidwa ndi munthu, yoti tiziimbira tikaona nyama yokayikitsa. Manambala amenewo akatuluka, aphungu adzakhala ndi poyambira pokambirana biluyo, ndipo ife tidzabwera ku komiti yawo kudzapereka maganizo athu.

Ine wanu mwaulemu,

Wogula nyama wa ku Woodlands, Lusaka